Kodi nyimbo ya makolo ilibedi mwini?

Pakati pa oimba ndi ogulitsa nyimbo m'misika pamamveka kawirikawiri mawu akuti nyimbo ya makolo ilibe mwini, kotero aliyense angathe kuijambula ndi kuigulitsa osapempha kwa munthu. Mbiri ya malamulo a umwini wa ntchito zaluso, omwe amapatsa wopeka mphamvu yololeza kapena kuletsa ena kukopera ndi kugulitsa zimene wapeka, ikusonyeza kuti mawuwa ndi osalondola, ndiponso kuti akhala akugwiritsidwa ntchito podyera ena masuku pamutu.

Lamulo loyamba la mtunduwu linakhazikitsidwa ku Britain m'chaka cha 1710, ndipo linkateteza mabuku kwa zaka 14, zomwe zinkawonjezeredwa ndi zina 14 ngati mlembi akadali moyo. Nthawiyo ikatha, buku linkasanduka chuma cha aliyense, kutanthauza kuti wina aliyense ankaloledwa kulisindikiza osalipira. Mu 1886 mayiko angapo anapangana mumzinda wa Berne kuti azitetezerana ntchito za alembi awo, ndipo mu 1911 dziko la Britain linakonza lamulo lina lotalikitsa umwini mpaka zaka 50 wopeka atamwalira, lomwe linafikanso kumayiko omwe dzikolo linkalamulira. Malamulo onsewa anakonzedwa poganizira mlembi mmodzi wodziwika dzina, choncho nyimbo za pamtondo, za kumaliro ndi za kuchinamwali zinatsalira kunja.

Kuipa kwa kusiyidwaku kunaonekera poyera pa nkhani ya woimba wina wa Chizulu, yemwe mu 1939 anajambula nyimbo yake yonena za mkango mumzinda wa Johannesburg, napatsidwa masheleni khumi okha. Mbale ya nyimboyo itafika ku America, oimba a kumeneko anaiyesa nyimbo ya makolo a mu Africa, ngakhale kuti woipeka anali moyo ndipo dzina lake linali lodziwika. Mu 1961 inaikidwa mawu a Chingerezi ndipo inakhala patsogolo pa nyimbo zonse zogulidwa m'dzikolo, pamene mwini wake anamwalira chaka chotsatira ali mmphawi, wosasiya ngakhale ndalama yomangira chiliza. Mu 1994 nyimbo yomweyo inamvekanso mufilimu ya zidole yomwe inaonetsedwa pa dziko lonse.

Chodabwitsa ndi chakuti chomwe chinapulumutsa ana ake ndi ndime ina ya lamulo la atsamunda lomwe lija la 1911, yomwe inkati umwini wogulitsidwa uzibwerera kwa olowa m'malo mwa wopeka pakatha zaka 25 iye atamwalira. Powerengera motero, umwini wa nyimboyo unayenera kubwerera kubanjalo mu 1987, koma panalibe wowauza. Mlandu unasumidwa mu 2004, ndipo mu 2006 banjalo ndi omwe ankagwira umwini wa nyimboyo anagwirizana kunja kwa bwalo la milandu kuti malemuyo azitchulidwa ngati mmodzi wa opeka nyimboyo komanso kuti banja lake lizilandira malipiro. Apa vuto silinali kusowa kwa lamulo ayi, koma kuti lamulolo linkadziwika kwa ogula umwini okha, osati kwa ogulitsa.

M'Malawi muno lamulo la 1989 linatseka khomo lomwe nyimbo ija inatulukira, pakuti linanena kuti nthano, magule ndi nyimbo za makolo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse, ndipo sutha ngakhale papite zaka zingati. Dziko lino linalowa m'pangano la Berne mu 1991, bungwe la COSOMA lotolera ndi kugawa malipiro a aluso linayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano linabwera mu 2016, nthawi yomwe makaseti anali atalowedwa m'malo ndi mafoni ndi intaneti. Motero amayi oimba pachinamwali salakwira lamulo lililonse, koma wotenga nyimbo yomweyo kukachita nayo malonda kunja kwa mwambo wake ayenera kupeza chilolezo. Nyimbo yopekedwa ndi munthu wodziwika, ngakhale itamveka ngati ya kumudzi, lamulo la 2016 linati ikhalabe ya iye ndi ana ake mpaka patatha zaka 50 atamwalira.