Kodi mkaidi angasumire boma? Nazi zomwe malamulo amanena

Pa gulu lathu la WhatsApp ena amalimbikira kuti munthu ukangolowa m'ndende basi, ufulu wako wathera pa geti. Ndati ndilembe zomwe ndikudziwa, chifukwa mawa wotsekeredwa akhoza kukhala m'bale wanu.

Yankho lake n'lakuti inde, angasumire.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wokadandaula ku khoti. Gawo 42 limanena za omangidwa: auzidwe chomwe awamangira m'chilankhulo chomwe akumva, aonane ndi loya, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma ndilo lilipire. Womangidwa ayenera kufikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wofunsa khoti ngati akusungidwa motsata malamulo.

Mlandu wa Masangano

Mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse m'dziko muno. Anadandaula za kuthithikana m'zitolokosi, kusowa mpweya wabwino, komanso kudya kamodzi patsiku. Boma linati vuto ndi ndalama. Mu 2009 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana chifukwa chimenechi, linati kusunga anthu chonchi n'kuwazunza, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka.

Koma tisanamizane anzanga, mpaka pano ndende ngati Maula ndi Chichiri n'zodzazabe. Kupambana mlandu ndi kwina, kuti chigamulo chitsatidwe ndi kwinanso. Komabe chigamulocho chilipo, ndipo loya aliyense angachigwiritse ntchito.

Nanga wopanda ndalama apite kuti?

Apa m'pamene pamavuta, poti mkaidi sangadzuke n'kukwera minibasi kupita kukhoti. Achibale ndi amene mumakhala miyendo yake. Yambirani ku Legal Aid Bureau, komwe kuli maloya aboma othandiza osauka. Maparaligo a PASI amalowa m'ndende kuthandiza anthu kumvetsa milandu yawo ndi kupempha belo. Madandaulo a nkhanza mukhoza kuwatula ku Malawi Human Rights Commission.

Popita kumeneko, tengani tsiku lomwe m'bale wanuyo anamangidwa, polisi yake, nambala ya mlandu, ndi tsiku lomwe anaonekera komaliza kukhoti. Popanda zimenezi, ngakhale loya wabwino amayamba ndi kusakasaka fayilo.