Mankhwala oteteza galu ku njoka za mumtima: dziwani izi musanagule

Njoka za mumtima zimalowa mwa galu akalumidwa ndi udzudzu, osati kudzera m'chakudya. Zimakhwima pakatha miyezi 6 kapena 7, kenaka galu amayamba kutsokomola ndi kutopa msanga.

Mankhwala ambiri otetezera ali ndi ivermectin, yemwe uja wa ng'ombe wopezeka m'mashopu a zaulimi. Apa ndiye pali nkhani, abale. Wa ng'ombeyo ndi 1%, ndipo galu wa makilogalamu 15 amafunika wosakwana dontho limodzi pamwezi. Mukabaya mongoyerekeza, galu amanjenjemera, kuchita khungu, mwinanso kufa. Komanso ngati njokazo zakula kale, mlingo wotetezerawu suzipha msanga.

Musanatulutse ndalama, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto ku EPA yanu kapena ku ofesi ya zaulimi pa Boma la Ntcheu. Mufunsenso za katemera wa chiwewe konko.