Mafuta Olimba Apansi Panthaka: Amawatulutsa Bwanji?

Mwina mwaonapo magalimoto akuluakulu onyamula mafuta akudutsa pa msewu wa ku Calómuè. Petulo ndi dizilo amene amanyamulawo amapangidwa kucokera ku mafuta akuda a pansi panthaka. Ena mwa mafuta akudawa ndi opepuka, amayenda ngati madzi. Ena ndi olimba, amanata ngati uci m'mwezi wa June kuno ku Lifidzi. Olimbawa ndiwo ovuta.

Ambiri timaganiza kuti pansipo pali nyanja ya mafuta. Ayi ndithu. Mafuta amakhala m'timipata ting'onoting'ono ta mcenga ndi miyala, monga madzi m'njerwa yonyowa. Anthu akaboola citsime, mafuta olimba amatuluka pang'ono cabe, nthawi zambiri osakwana migolo 10 pa migolo 100 iliyonse. Akapopera madzi pansipo kuti awakankhe, madziwo amangodzipezera kanjira n'kudutsa, mafuta n'kutsala. Tayesani kutsuka mbale ya mafuta a nkhumba ndi madzi ozizira okha, muona zomwezo.

Apa ndi pamene amathira mankhwala m'madzi aja. Amayi amene mumaphika therere mumvetsa msanga.

Mankhwala ofala kwambiri amachedwa polima. Ndi ufa umene ukasungunuka, madzi amatelera ndi kukhuthala ngati therere. Madzi otere sathamanga. Amayenda pang'onopang'ono, n'kumakankha mafuta ponseponse mpaka kukafika pa citsime cina. Ku Pelican Lake, m'dziko la Canada, anayamba njira imeneyi mu 2005, ndipo mafuta anayamba kutuluka ambiri kuposa kale. Ku Marmul, m'dziko la Oman, anaiyamba mwamphamvu mu 2010.

Palinso mankhwala onga sopo, amene amamasula mafuta omatirira ku mcenga. Koma ine cimene cimandisangalatsa ndi soda. Nchito yake ikufanana ndi ya cidulo cathu ca phulusa. Mafuta ambiri olimba ali ndi asidi mkati mwake. Soda akakumana ndi asidiyo, sopo amapangika pansi pomwepo, osacita kumugula. Nthawi zina amasakaniza zonse zitatu: soda, sopo ndi polima.

Musaganize kuti n'zophweka. Madzi a pansi akakhala a mcere wambiri kapena otentha kwambiri, polima amatha mphamvu. Soda naye amatha kusiya zokakamira zimene zimatseka mapaipi. Mankhwalawa ndi odula, ndiye mtengo wa mafuta ukatsika, makampani ena amaimitsa nchito. Komanso madzi amene amatuluka pamodzi ndi mafuta si akumwa kapena othirira dimba. Ayenera kusefedwa n'kubwezeredwa pansi, asalowe mumtsinje.

Mafuta akalimba mopitirira, ngati phula la mumsewu, polima sakwanitsa. Ku Tsimiroro, pa cilumba ca Madagascar, tsidya la nyanja yathu ya Mozambique, anayesa kupopera nthunzi yotentha pansi kuti mafutawo ayambe afewa.