Mbiri ya Nyanja ya Evendim mu Ufumu wa Arnor

Evendim, imenenso imatchedwa Nenuial, ndi nyanja yaikulu ya m'dziko lopeka la J.R.R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, buku limene linatuluka mu 1954 ndi 1955. Ili kumpoto kwa dera la Shire, ndipo mtsinje wa Brandywine umachokera m'nyanjayi.

Mbiri yake yachifumu inayamba m'chaka cha 3320 cha Nyengo Yachiwiri. Elendil, atapulumuka pamene chilumba cha Númenor chinamira, anakhazikitsa ufumu wa Arnor ndi kumanga likulu lake, Annúminas, m'mbali mwa nyanjayi. Kumeneko kunkasungidwa ndodo yachifumu yasiliva ndiponso umodzi mwa miyala isanu ndi iwiri yoonera kutali.

Mzindawo sunagwe ndi nkhondo ayi. Unangotha pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imamvetsa chisoni. Anthu a ku Arnor anachepa. Mfumu Eärendur itamwalira mu 861 m'Nyengo Yachitatu, ana ake anagawana dziko patatu, likulu n'kusamukira ku Fornost. Annúminas inasanduka bwinja. Mu 1975 m'Nyengo yomweyo, pa chigwa cha kum'mawa kwa nyanjayi, asilikali a ufumu wakumwera wa Gondor ndi anzawo anagonjetsa mfumu yaufiti ya Angmar imene inaukira dziko la Arnor, koma thandizolo linafika mochedwa, ufumu wakumpoto utagwa kale. Chaka chomwecho mwala uja unamira pamodzi ndi Arvedui, mfumu yomaliza yakumpotoko, m'nyanja yamchere ya kumpoto.

Ndodo ija inasungidwa ku Rivendell mpaka Elrond, mtsogoleri wa kumeneko, anaipereka kwa Aragorn, wolowa ufumu wa Arnor. Mu 1436, pa kawerengedwe ka zaka ka ku Shire, Aragorn anapita kumpoto ali mfumu nakhalako kanthawi m'mbali mwa Evendim.