Yunivesite Yopanda Mayeso: Mbiri ya Magulu a Maphunziro a Achikulire a U3A

Kwa nthawi yaitali maphunziro ku Ulaya ankatengedwa ngati chinthu cha ana ndi achinyamata, chomwe cholinga chake chinali kukonzekeretsa munthu ntchito, kotero kuti munthu akangopuma pa ntchito ankaonedwa ngati watsanzikananso ndi buku. Maganizo amenewa anayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 1970, pomwe kunabadwa magulu omwe lero amadziwika ndi dzina lachidule loti U3A, lochokera ku dzina lonse lakuti University of the Third Age, kutanthauza yunivesite ya anthu omwe ali m'gawo lachitatu la moyo. Maguluwa si sukulu za kwacha zophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba, komanso si malo opezerako digiri, koma ndi mabungwe a anthu omwe anasiya ntchito yolembedwa ndipo amakumana kuti aphunzire chifukwa chokonda kudziwa. Mbiri yawo yonse yazungulira pa funso limodzi, lakuti kodi woyenera kuphunzitsa munthu wachikulire ndani, ndipo mayankho awiri omwe anaperekedwa ku France ndi ku Britain ndiwo anaumba magulu ochuluka omwe afalikira m'maiko ambiri.

Gwero la nkhaniyi lili m'kusintha kwa moyo wa anthu itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Chifukwa cha chithandizo chabwino cha kuchipatala, chakudya chokwanira ndi ndondomeko za penshoni, m'maiko olemera munayamba kupezeka anthu ochuluka omwe ankapuma pa ntchito akadali ndi mphamvu ndi nzeru zawo zonse, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi zaka khumi, khumi ndi zisanu kapena makumi awiri kutsogolo kwawo zomwe palibe anawakonzera chochita nazo. Ku France, zionetsero zikuluzikulu za ophunzira ndi ogwira ntchito za mu May 1968 zinachititsa kuti boma likhazikitse lamulo latsopano loyendetsera mayunivesite, lomwe anatsogolera ndi nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a Edgar Faure, ndipo mwa zina lamuloli linapatsa mayunivesite udindo wotsegula zitseko zawo kwa anthu wamba omwe ankafuna kupitiriza kuphunzira atakula kale.

Munali m'nyengo imeneyi momwe Pulofesa Pierre Vellas, katswiri wa malamulo a pakati pa maiko pa yunivesite ya ku Toulouse, kumwera kwa France, anayambitsa yunivesite yoyamba ya achikulire m'chaka cha 1973. A Vellas anali ataona kusungulumwa ndi kusowa chochita komwe kunkafooketsa okalamba ambiri, makamaka m'nyumba zosungirako okalamba, ndipo anaganiza kuti zipinda zophunziriramo, laibulale, mabwalo a masewero ndi aphunzitsi a yunivesite zikhoza kutumikiranso anthu amenewa. Ndondomeko yawo inaphatikiza maphunziro a m'kalasi, masewero olimbitsa thupi, malangizo a zaumoyo ndi maulendo okaona malo, ndipo inalinso ndi cholinga chothandiza akatswiri kuchita kafukufuku pa za ukalamba. Ganizoli linafalikira mofulumira m'mizinda ina ya France ndi m'maiko oyandikana nawo monga Belgium ndi Switzerland, linafika ku Warsaw m'dziko la Poland mu 1975 kudzera mwa dokotala wa matenda a okalamba, Pulofesa Halina Szwarc, ndiponso ku Sherbrooke m'dziko la Canada chaka chotsatira. Mu 1975 momwemo kunakhazikitsidwa bungwe la AIUTA lolumikizitsa mayunivesite oterewa padziko lonse.

Chomwe njira ya ku France inkadziwika nacho n'chakuti umwini wonse unali m'manja mwa yunivesite: akatswiri ndiwo ankasankha zophunzitsa, ankaima kutsogolo ndi kuphunzitsa, pomwe achikulire ankakhala pansi n'kumamvetsera. Njirayi inali ndi ubwino wake, popeza inkatsimikiza kuti zophunzitsidwa n'zapamwamba ndipo inkapatsa ulemu anthu omwe paunyamata wawo sanakhale ndi mwayi woponda pa yunivesite, koma inkadalira ndalama ndi kufuna kwa eni sukulu, ndipo inkasiya wachikulire pa malo a wolandira chabe.

Ganizoli litawoloka nyanja kufika ku Britain linagwera m'manja mwa anthu atatu omwe analisintha kotheratu. Woyamba anali a Peter Laslett, katswiri wa mbiri yakale pa yunivesite ya Cambridge, yemwe anatchuka ndi kafukufuku wa momwe mabanja a ku England ankakhalira kale. Wachiwiri anali a Michael Young, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, yemwe anathandiza kulemba mfundo zachisankho za chipani cha Labour mu 1945, anayambitsa bungwe loteteza anthu ogula katundu, ndiponso anali mmodzi mwa omwe anabzala ganizo la Open University, yunivesite yophunzitsa anthu ali kwawo. Wachitatu anali a Eric Midwinter, katswiri wa zamaphunziro yemwe panthawiyo ankatsogolera bungwe lounika ndondomeko zokhudza okalamba. Atatuwa anayamikira ntchito ya ku Toulouse koma anaona kuti ku Britain singayende momwemo, pa zifukwa ziwiri. Choyamba chinali cha ndalama, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma la Mayi Margaret Thatcher linkachepetsa ndalama zopita ku mayunivesite, ndipo sizikanatheka kuyembekezera kuti sukuluzo zisenze katundu wina watsopano. Chachiwiri, chomwe chinali chachikulu, chinali cha mfundo: iwo sanaone chifukwa choti anthu omwe atha zaka makumi anayi akugwira ntchito za uphunzitsi, unamwino, uinjiniya, ulimi, malonda ndi kulera ana azidikira munthu wina kuti adzawaphunzitse, pomwe nzeru zomwe anali nazo pakati pawo zinali zokwanira kudzaza yunivesite yathunthu.

Mu 1981 a Laslett analemba chikalata cha zolinga ndi mfundo za gulu latsopanoli, ndipo msana wake unali wakuti pasakhale mpanda pakati pa wophunzitsa ndi wophunzira, koma membala aliyense akhale wokonzeka kuchita zonse ziwiri. Chikalatacho chinanenanso kuti polowa munthu asafunsidwe satifiketi ya mtundu uliwonse, pasakhale mayeso kapena digiri pomaliza, wophunzitsa anzake asalandire malipiro, ndipo msonkho wa umembala ukhale wochepa kuti usatsekereze aliyense. Kwa omwe ankadabwa kuti gulu lopanda nyumba, mayeso ndi mapulofesa lingatchedwe bwanji yunivesite, oyambitsawo ankakumbutsa kuti mayunivesite oyambirira a ku Ulaya, zaka mazana ambiri zapitazo, anali mabungwe a anthu ogwirizana pa kufuna kuphunzira asanakhale ndi nyumba zawozawo. M'chaka chomwecho kunachitika msonkhano wa anthu onse ku Cambridge, ndipo a Midwinter atafotokoza ganizoli pa wailesi ya BBC analandira makalata mazanamazana ochokera kwa anthu ofuna kulowa nawo. Mu March 1982 kunachitika maphunziro oyesera pa koleji ya St John's mumzinda womwewo, gulu la ku Cambridge linakhazikika chaka chimenecho, ena anatsatira ku London ndi m'matauni ena, ndipo mu 1983 kunalembetsedwa bungwe la Third Age Trust kuti lizilangiza ndi kulumikizitsa maguluwo popanda kuwalamulira.

Tanthauzo la gawo lachitatu la moyo analifotokoza mwatsatanetsatane a Laslett m'buku lawo la mu 1989 lotchedwa A Fresh Map of Life. Iwo anagawa moyo wa munthu m'magawo anayi: loyamba ndi la ubwana ndi kudalira makolo, lachiwiri ndi la ntchito, udindo ndi kulera ana, lachitatu ndi lomwe munthu wamasuka ku maudindo amenewa koma akadali ndi thanzi loti n'kukwaniritsa zomwe mtima wake unkalakalaka, ndipo lachinayi ndi la kufooka ndi kudaliranso ena. Iwo anatsindika kuti malire a magawowa sayezedwa ndi tsiku lobadwa, chifukwa chake U3A ya ku Britain siika msinkhu wolowera, koma imangofuna kuti munthu akhale kuti sakugwiranso ntchito ya tsiku lonse. Anaonetsanso kuti gawo lachitatuli, monga chinthu chofikira anthu ambiri osati olemera okha, ndi latsopano m'mbiri ya anthu, ndipo ku Britain linayamba kuoneka cha m'ma 1950.

Mphamvu ya njira ya ku Britain imaoneka bwino munthu akayang'ana zochitika za gulu limodzi pa sabata. Gulu lililonse la m'tauni ndi loima palokha, lili ndi komiti yakeyake ya wapampando, mlembi ndi msungichuma, onse ongodzipereka, ndipo pansi pake pamakhala timagulu ting'onoting'ono tambiri, kalikonse ndi phunziro lake. Kagulu kophunzira Chifalansa kakhoza kukhala ka anthu asanu ndi atatu okumana pabalaza la mmodzi wa iwo Lachiwiri m'mawa, atazungulira tebulo lomwe pali nyuzipepala ya ku Paris, mabuku otanthauzira mawu ndi makapu a tiyi, ndipo wotsogolera amakhala mayi yemwe kale ankaphunzitsa chiyankhulochi ku sekondale. Lachinayi mayi yemweyo amapezeka atakhala pa mpando wa wophunzira m'holo ya tchalitchi, akumvetsera bambo yemwe ankagwira ntchito ya njanji akufotokoza momwe mlatho wa m'tauni mwawo unamangidwira. Timagulu tina timawerenga buku limodzi pa mwezi n'kukambirana, tina timafufuza mbiri ya makolo, kujambula zithunzi, kuimba, kuyenda m'mapiri, kuona mbalame kapena kuphunzira kugwiritsa ntchito kompyuta ndi foni. Kamodzi pa mwezi mamembala onse amasonkhana kumvera mlendo woitanidwa, ndipo magulu ena amagwirizana ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga British Museum, kuti mamembala athandize pa kafukufuku weniweni.

Chomwe chimamanga timagulu tonseti kukhala thupi limodzi ndi kalata ya nkhani, yomwe magulu ambiri amatulutsa mwezi ndi mwezi kapena kangapo pa chaka. M'kalatayi mumakhala uthenga wa wapampando, ndandanda ya masiku ndi malo okumanirana, malipoti a maulendo, mayina a timagulu tomwe tadzaza ndi tomwe tikufuna anthu, pempho loti papezeke wodzipereka kutsogolera phunziro latsopano, ndiponso mawu okumbukira mamembala omwe amwalira. Poyamba makalatawa ankatayipidwa pa makina ndi kugawidwa pamanja kapena kudzera ku positi ofesi, pomwe masiku ano ambiri amatumizidwa pa intaneti. Kwa wolemba mbiri, makalata amenewa ndi nkhokwe yamtengo wapatali, chifukwa amasunga umboni wa zomwe anthu wamba achikulire ankafuna kudziwa m'nyengo iliyonse, zomwe mabuku a boma salemba.

Njira ya ku Britain yophunzitsana okhaokhayi ndiyo inafalikira m'maiko ambiri oyankhula Chingerezi. Inafika ku Melbourne m'dziko la Australia mu 1984, ku Auckland m'dziko la New Zealand mu 1989, ndi ku Cape Town m'dziko la South Africa mu 2000, komwe inafalikiranso ku Johannesburg ndi m'mizinda ina. Ku Australia komweko kunayambika U3A ya pa intaneti mu 1998, yothandiza okhala kutali ndi matauni ndi omwe sangathe kutuluka m'nyumba. Dziko la China linatsata njira yakeyake, pomwe yunivesite yoyamba ya okalamba inatsegulidwa m'chigawo cha Shandong mu 1983 mothandizidwa ndi boma, ndipo sukulu zoterezi zinachuluka kufika pa zikwi makumimakumi. Ku Britain magulu anapitirira 1,000 ndipo mamembala anaposa 400,000 mliri wa Covid-19 usanafike. Mliriwo utatseka maholo ndi mabalaza mu 2020, timagulu tambiri tinasamukira pa intaneti kudzera pa Zoom, mamembala odziwa makompyuta n'kumaphunzitsa anzawo pa foni momwe angalowere, ngakhale kuti ena anatsalira ndipo chiwerengero cha mamembala chinatsika kwa kanthawi.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yomwe siyenera kubisidwa. Ofufuza, kuphatikizapo Pulofesa Marvin Formosa wa pa yunivesite ya Malta, aonetsa kuti mamembala ambiri a U3A ndi anthu omwe anaphunzira kale bwino ndipo ali ndi penshoni yokwanira, kuti amayi amachuluka kwambiri kuposa abambo, ndiponso kuti anthu omwe ankagwira ntchito zamanja ndi ochokera m'mitundu yobwera amaoneka ochepa. Dzina loti yunivesite, lomwe limakopa ena, limaopseza munthu yemwe sukulu inamukanika ali mwana. Palinso vuto la omwe alowa m'gawo lachinayi, omwe amasiya kubwera miyendo kapena maso zikayamba kufooka, nthawi yomwe akufunitsitsa anzawo, kuwonjezera pa vuto losatha losowa anthu ovomera kusenza maudindo a m'komiti.

Zofooka zimenezi zikusonyeza ntchito yomwe yatsala, koma sizifafaniza chomwe zaka zoposa makumi asanu zatsimikiza. A Vellas anaonetsa kuti munthu wachikulire akhoza kuphunzira, ndipo a Laslett, a Young ndi a Midwinter anawonjezera kuti akhozanso kuphunzitsa ndi kuyendetsa yekha sukulu yake, popanda kudikira boma kapena akatswiri. Pomwe chiwerengero cha okalamba chikukwera m'makontinenti onse, kuphatikizapo Africa, phunziro la mbiriyi ndi lakuti nzeru zomwe anthu amatuluka nazo pa ntchito ndi chuma cha dziko, ndipo chumachi chimasungika pokhapokha eni ake akapatsidwa malo okumanirana, tsiku lodziwika ndi anzawo ofuna kumva.