Khansa ya prostate mwa abambo achikulire: mmene chithandizo chimasankhidwira

Khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zomwe zimagwira abambo ambiri m'maiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, makamaka omwe apitirira zaka 65. Nthambi yofufuza za khansa ya IARC, yomwe ili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, inati m'chaka cha 2020 abambo pafupifupi 1.4 miliyoni anapezeka ndi matendawa padziko lonse, ndipo pafupifupi 375,000 anamwalira nawo.

Prostate ndi kachiwalo kakang'ono komwe kali pansi pa chikhodzodzo mozungulira njira ya mkodzo, ndipo kamapanga ena mwa madzi a umuna. Munthu akamakalamba kachiwaloka kamakula, zomwe zimachititsa kukodza pafupipafupi usiku kapena kuvutika poyamba kukodza. Kukula kotereku nthawi zambiri si khansa. Khansa yeniyeni imayamba mwakachetechete, moti abambo ambiri m'chigawo chino amafika kuchipatala itafalikira kale m'mafupa, akudandaula msana ndi chiuno, kuonda kapena kutsekeka kwa mkodzo.

Mmene matendawa amadziwikira

Madokotala amayeza mlingo wa PSA m'magazi ndipo amapimanso kachiwaloka ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Kukwera kwa PSA pakokha si umboni wa khansa. Umboni umapezeka akatapa tizidutswa ta mnofu wa kachiwaloka n'kutiunika. Akatero amayesa ukali wa khansayo pa sikelo ya Gleason: 6 ndi khansa yokula pang'onopang'ono, pamene 8 mpaka 10 ndi yolusa.

Thanzi liposa zaka

Akatswiri a khansa ya okalamba amalangiza kuti chithandizo chizisankhidwa potengera thanzi la munthu ndi ukali wa khansa, osati zaka zake zokha. Bambo wa zaka 78 yemwe amalima yekha munda wake akhoza kupirira chithandizo chomwe sichingayenere mnzake wa zaka 68 wodwala mtima ndi shuga. Funso lomwe dokotala amadzifunsa ndi lakuti kodi wodwalayo angakhale ndi moyo zaka zina 10 kapena kuposerapo, chifukwa phindu la opaleshoni kapena kuwotcha khansa yoyamba kumene limaoneka patapita zaka zambiri, pamene mavuto ake amayamba pompo.

Kafukufuku wa ProtecT wa ku Britain, yemwe anatsata abambo 1,643 a zaka za pakati pa 50 ndi 69 omwe khansa yawo inali isanafalikire, anapeza m'chaka cha 2023 kuti patapita zaka 15, pafupifupi atatu okha mwa 100 aliwonse ndiwo anamwalira ndi khansayi, kaya anachitidwa opaleshoni, anawotchedwa kapena ankangowunikidwa. Komabe khansa inafalikira kwambiri mwa omwe ankangowunikidwa.

Njira za chithandizo

Ngati khansa ndi yofatsa, dokotala akhoza kusankha kungoiyang'anira poyeza magazi nthawi ndi nthawi. Kwa munthu wofooka kwambiri, chithandizo chimadikira mpaka zizindikiro zitayamba kuvuta.

Ngati khansa ndi yolusa koma isanafalikire, njira ziwiri zochizira ndi opaleshoni yochotsa prostate ndi kuwotcha ndi makina a radiotherapy. Opaleshoni ikhoza kusiya vuto lodontha mkodzo ndi kuchepa mphamvu m'banja, pamene kuwotcha kumatha kusokoneza matumbo ndi chikhodzodzo. Nelson Mandela anawotchedwa kwa milungu 7 m'chaka cha 2001 ali ndi zaka 83, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2013. Desmond Tutu anapezeka ndi khansayi mu 1997 ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Koma matendawa anapha woimba Hugh Masekela mu 2018 ali ndi zaka 78.

Khansa ikafalikira, cholinga chimakhala kuichepetsa liwiro. Khansayi imakula ndi homoni yachimuna ya testosterone, monga momwe Charles Huggins anaonetsera m'chaka cha 1941. Homoniyi imatsitsidwa ndi jakisoni monga goserelin, wobayidwa pamwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse, kapena ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa machende. Opaleshoniyi imachitika kamodzi ndipo ndi yotsika mtengo, choncho imathandiza okhala kutali ndi chipatala, koma siibwezeka. Njira zonse ziwiri zimafooketsa mafupa ndi minofu, zimatenthetsa thupi komanso zimachepetsa chilakolako chogonana. Mankhwala a abiraterone kapena docetaxel amawonjezeredwa kwa omwe thupi lawo lingapirire.

Zovuta za m'chigawo chino

Makina owotchera khansa ndi ochepa ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Ku Zambia, chipatala cha Cancer Diseases Hospital cha ku Lusaka chinatsegulidwa m'chaka cha 2007. Kuwotcha kumafuna kuti wodwala azipita kuchipatala masiku ambiri motsatizana, ndipo kwa nkhalamba yochokera kumudzi izi zimatanthauza ndalama zoyendera, malo ogona ndi womudikirira. Achibale ayenera kukhalapo pokambirana ndi dokotala, koma mawu omaliza ndi a mwini thupi.

Ululu wa m'mafupa umachepa ndi morphine, yemwe sayenera kusungidwira masiku otsiriza okha. Kutsekeka kwa mkodzo kumafuna kuikidwa paipi tsiku lomwelo. Bambo wodwala khansayi akamva msana kupweteka kwambiri, miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kapena akayamba kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, apititsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa khansa ikapanikiza mtsempha wa msana, kuchedwa ngakhale tsiku limodzi kukhoza kumupuwalitsa miyendo mpaka kalekale.