Chikombole Chobwereka Sichichititsa Manyazi

Ena mwa inu mwayamba kuphunzira kupanga mapulogalamu a pa intaneti, ndipo funso lanu ndi limodzi: kodi kutenga template imene wina anakonza kale, n'kumangapo zako, si kuba? Funsoli silindidabwitsa, pakuti kusukulu kubera mayeso ndi mlandu waukulu. Koma nkhani ya mapulogalamu ili ndi mbiri yakeyake, ndipo lero ndikufuna tiione pang'ono.

Poyamba timvane mawu. Template ine ndimaitcha chikombole. Woumba njerwa sayamba ndi kusema chikombole tsiku lililonse, amabwereka kwa mnzake n'kuyamba kuponda dothi. Chikombole cha pulogalamu chimabwera ndi zinthu zimene aliyense amazifuna: tsamba lolowera ndi password, njira yolumikizira database, maonekedwe a masamba, ndi kalata yofotokoza poyambira yotchedwa README. Zimene pulogalamuyo idzachite ndi ntchito yanu.

Mwambo wogawana unayamba kale. M'chaka cha 1983 Richard Stallman analengeza ntchito ya GNU, yofuna kuti munthu azitha kuwerenga, kusintha ndi kugawa pulogalamu mwaufulu. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anatulutsa Linux. Pa 30 Epulo 1993 bungwe la CERN linalola dziko lonse kugwiritsa ntchito World Wide Web ya Tim Berners-Lee popanda kulipira. Masamba oyambirira anthu ambiri anawaphunzira pongotsegula HTML ya tsamba la wina n'kuona mmene analembera.

Zikombole zenizeni zinachuluka pambuyo pa chaka cha 2000, ndipo zambiri zinabadwa pa ntchito wamba. WordPress ya 2003 inaphuka pa pulogalamu ina yakale yotchedwa b2. Mu 2004 David Heinemeier Hansson anachotsa Ruby on Rails m'kati mwa pulogalamu ya Basecamp imene ankapanga, n'kuigawa. Rails inatchuka chifukwa ukalemba mzere umodzi wokha, inkakupangira masamba olembera, kuonera, kukonza ndi kufufuta zinthu. Django ya 2005 inachokera ku nyuzipepala ya mumzinda wa Lawrence ku Kansas. GitHub, komwe ambiri amatengako zikombole masiku ano, inatsegulidwa mu 2008, ndipo Bootstrap inatuluka ku Twitter mu 2011.

Mwina mukuti izi ndi za kunja. Tiyeni tibwere kwathu. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timachitcha Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kulemba odwala pa makompyuta ongokhudza ndi chala. Makinawo sanali atsopano. Anali timakompyuta totchedwa I-Opener timene ku America tinali titalephera pa msika, ndipo iwo anatigula motchipa n'kutikonza kuti tigwire ntchito ya m'chipatala. Mu 2006 anayamba kuyesa pulogalamu yothandiza popereka ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pomanga mapulogalamu awo anadalira Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, ndipo kasanjidwe ka zolemba za odwala anatengera ku OpenMRS, ntchito ina yaulere imene inayambira ku Eldoret m'dziko la Kenya.

Tsono taonani zimene sanabwereke. Palibe chikombole chimene chinawauza kuti magetsi athu amathima, kotero makina ayenera kuyendera mabatire. Palibe chimene chinawauza kuti namwino amene ali ndi mzere wautali panja alibe nthawi yosaka zilembo pa keyboard, kotero funso lizibwera limodzilimodzi ndi mabatani akuluakulu. Palibenso chimene chinkadziwa za kabuku ka kuchipatala kamene aliyense wa ife amanyamula, komwe iwo anayamba kumatapo kapepala ka barcode. Nzeru zimenezi zinachokera m'mawodi momwemo, ndipo Amalawi ngati Soyapi Mumba anakula nayo ntchitoyi mpaka kukaifotokoza pa msonkhano wa TED mu 2017.

Kuno ku Karonga nakonso chitsanzo chilipo. Ku Chilumba kafukufuku wa matenda a khate anayamba mu 1979, kenako anafika pa TB ndi HIV, ndipo mu 2002 anayamba kalembera wa obadwa, omwalira ndi osamuka m'midzi yozungulira. Kwa zaka zambiri zonsezi zinkalembedwa pa mapepala, n'kukazitayipa ku ofesi. Atayamba kusamukira pa matabuleti sanalembe pulogalamu kuyambira pa ziro, anatenga Open Data Kit, yomwe ndi yaulere, n'kuikamo mafunso awo. Chuma chawo chenicheni chinali kudziwa midzi ndi mabanja, osati kachipangizo.

Phunziro limene ndikutolapo ndi ili: kubwereka chikombole si kuba, koma chikombole sichiumba njerwa chokha. Mwana wobera mayeso amabisa komwe watenga, ndipo zimene walembazo sazimvetsa. Wopanga pulogalamu wabwino amatchula komwe watenga, ndipo amawerenga mpaka amvetse.

Choncho kwa inu amene mukuyamba, malangizo anga ndi ochepa. Werengani laisensi musanachite china chilichonse. Ya MIT imakulolani pafupifupi chilichonse bola musachotse dzina la mwini wake ndi mawu a laisensiyo. Ya GPL imafuna kuti mukagawa pulogalamu yomwe mwasintha, mugawenso code yake pa laisensi yomweyo. Kenako yendetsani chikombolecho pa kompyuta yanu musanasinthe kanthu. Mukachikopera pamodzi ndi zonse zimene chimadalira, ntchito yambiri imatheka popanda intaneti, ndipo bandulo yanu ipulumuka. Sinthani chinthu chimodzi, muone chimene chachitika, kenako china. Musaiwale kusintha password imene inabwera nacho, chifukwa aliyense amene anatenga chikombole chomwecho akuidziwa. Mukasunga mayina a ophunzira kapena a odwala, dziwani kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makompyuta, ndipo kunena kuti ndinangokopera sikudzakupulumutsani.

Chomaliza, sankhani vuto limene mukulidziwa. Pulogalamu zogulitsira nsapato zilipo kale zambirimbiri. Koma ndani adzalemba yothandiza kalabu ya alimi a mpunga ku Hara kapena ku Wovwe kusunga mbiri ya matumba ndi ngongole? Ndani adzaika mabatani mu Chinkhonde ndi Chitumbuka? Ameneyo sadzachokera ku Kansas.

Kwa aphunzitsi anzanga a Computer Studies, pempho langa n'lakuti tiwapatse ana code ya anthu ena kuti awerenge, monga mmene timawapatsira mabuku m'phunziro la Chichewa. Tikamachonga, tisamangofunsa kuti wazilemba yekha kodi. Timufunsenso kuti wazitenga kuti, wasinthapo chiyani, ndipo chifukwa chiyani.